Mbewu ndi Mapiko Awiri

Tisanatsegule buku lathu sabata ino, tiyeni tiyambe takambirana za kumunda.

Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Freddy anakokololera minda ku Mulanje, Phalombe ndi Chikwawa mu Malichi 2023. Chaka chotsatira mvula inadula, chimanga chinapserera, mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Nyengo imene agogo athu ankaidziwa siikubweranso pa nthawi yake.

Koma amayi sanakhale manja lende. Akusiya mapesi m'munda osawatentha, kuti nthaka isunge chinyontho. Akudzala nandolo ndi khobwe pakati pa chimanga. Abwezeretsa mapira, mawere ndi chinangwa, mbewu zimene enafe tinkaziseka kuti n'zachikale. Feteleza atakwera mtengo, anaphunzitsana kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kupanga manyowa a Mbeya. Msangu, mtengo umene umayoyola masamba m'dzinja n'kunenepetsa nthaka, saudulanso.

Bahá'u'lláh, polemba mfundo zoyendetsera bwino moyo wa anthu, anaika ulimi pa nambala yachisanu, koma ananenetsa kuti umaposa zinazo. Anatiphunzitsanso kuti ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ndi kupembedza. Choncho mayi wosenza manyowa m'mamawa uja akupembedza. Ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, njala itavuta ku Haifa ndi ku 'Akká, 'Abdu'l-Bahá anadyetsa osauka a zipembedzo zonse ndi tirigu amene anasungiratu.

Iye yemweyo anafanizira mwamuna ndi mkazi ndi mapiko awiri a mbalame imodzi. Fanizoli timalikonda, timaliphunzitsa ngakhale m'makalasi a ana. Koma tisanamizane. M'makomo mwathu ambiri, mayi ndiye amalima nandolo, koma akagulitsidwa ndalama imalowa m'thumba la bambo popanda kukambirana. Mlangizi wa zaulimi akabwera, abambo timakhala pamipando kutsogolo, amene amaudziwa mundawo ali pamphasa kumbuyo, osafunsidwa kanthu. Phiko limodzi talimanga tokha, kenako tikudabwa kuti nkhokwe ili pululu.

Tisanakumanenso, banja lililonse likhale pansi, lipemphere, kenako likambirane izi: Chaka chino tidzala chiyani, ndipo wasankha ndani? Mbewu yosunga ili ndi yani? Ndi mayi uti wamasiye m'mudzi mwathu amene gulu lathu lingakamuthandize kuphimbira munda mvula isanagwe?