Hudaibiya, Oslo ndi mawu akuti "onse"



Lachisanu lapitali titamaliza Jumu'a, tinaima panja pa mzikiti wa pasukulu pano tikuvala nsapato. M'bale wina anatulutsa foni n'kutionetsa kanema wa ku Gaza: bambo atanyamula mwana wake wokulungidwa m'sanda. Tonse tinangoti chete. Kenako m'baleyo anati, "Anthu amenewa sitingamvane nawo mpaka Qiyama. Ayuda onse ndi amodzi." Sindinayankhe, pakuti nanenso mtima unkandiwawa. Koma mawu akuti "onse" aja anandisowetsa tulo, ndipo ndinakumbukira phunziro la Sira limene ustazi wathu anatiphunzitsa ku madrasa ndili ndi zaka 12.

M'chaka cha 6 Hijra, chomwe ndi 628, Mtumiki Muhammad (SAW) ananyamuka ku Madina ndi maswahaba pafupifupi 1,400 kukachita Umra. Akuraishi anawatsekera njira pa Hudaibiya. Atakambirana, anagwirizana kuti nkhondo ileke kwa zaka 10, Asilamu abwerere chaka chimenecho osaiona Ka'aba, ndipo wothawa ku Makka kupita ku Madina azibwezedwa, pomwe wothawa ku Madina asamabwezedwe. Suhail ibn Amr, amene ankaimira Akuraishi, anakana kuti m'kalatamo mulembedwe kuti Muhammad ndi Mtumiki wa Allah, ndipo Mtumiki analola kuti mawuwo afufutidwe. Ali pomwepo, Abu Jandal, mwana wa Suhail yemweyo, anatulukira ali ndi maunyolo, akupempha Asilamu kuti amulanditse. Anabwezedwa. Umar (RA) mtima unamutentha koopsa. Komatu ali m'njira yobwerera, Allah anavumbulutsa Surat Al-Fath, n'kutchula zimene zinachitikazo kuti ndi kupambana.

Taganizani, abale. Mtumiki anakhala pansi ndi mtundu umene unamuthamangitsa kwawo, umene unapha Hamza (RA) pa Uhud. Pangano la mtendere umapangana ndi amene wakulizapo maliro, chifukwa ndi bwenzi lako palibe chokambirana. Ndipo atapangana, iye sanaliswe panganolo. Anaswa ndi Akuraishi ndi anzawo a Banu Bakr.

Tsono tibwere ku Palestine, ndipo tisanamizane. M'chaka cha 1948 anthu a ku Palestine oposa 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo, ndipo zidzukulu zawo zambiri zikadali m'misasa ya othawa kwawo ku Jordan, Lebanon ndi Syria. Mu 1967 Israel inalanda West Bank, Gaza ndi East Jerusalem, kumene kuli Masjid Al-Aqsa, Qibla yathu yoyamba. Kuchokera pamenepo yakhala ikumanga midzi ya anthu ake pamalo olandidwawo. Nkhondo ya ku Gaza yapha anthu masauzande ambirimbiri, kuphatikizapo amayi ndi ana ambiri. Akuluakulu amati mlandu suola. Mtendere womuuza wolandidwa munda kuti angokhala chete sungakhalitse.

Koma pali chinanso chimene ambiri a ife sitifuna kuchitchula. Pa 7 October 2023 anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa ku Israel, ambiri mwa iwo anthu wamba, ndipo ena pafupifupi 250 anagwidwa n'kupita nawo ku Gaza. Ku madrasa komwe kuja tinaphunzira kuti Abu Bakr (RA) potumiza asilikali anawaletsa kupha ana, amayi ndi nkhalamba. Lamulo limeneli silisintha chifukwa choti mwanayo ndi Myuda. Mu Surat Al-Ma'ida Allah akutichenjezanso kuti kukwiyira kwathu mtundu wina kusatichotse pa chilungamo. Tikamalira mwana wa ku Gaza koma n'kumaseka maliro a mwana wa ku Israel, ndiye kuti Dini yathu taisandutsa timu ya mpira.

Kodi mtendere unayesedwapo? Eya. Pa 13 September 1993 Yasser Arafat ndi Yitzhak Rabin anagwirana chanza ku Washington pa pangano la Oslo. Vuto lake linali lakuti nkhani zolemera, monga ya Jerusalem, ya othawa kwawo, ya malire ndi ya midzi ija, anazisiyira m'tsogolo, ndipo midziyo inapitirira kukula. Odana ndi mtendere nawo sanagone. Mu February 1994, mkati mwa Ramadhan, Baruch Goldstein anawombera anthu akuswali mu mzikiti wa Ibrahimi ku Hebron n'kupha 29. Mabomba anayamba kuphulika m'mabasi a ku Israel. Pa 4 November 1995 Rabin anaphedwa ndi Myuda mnzake. Anwar Sadat wa ku Egypt, amene anapangana mtendere ndi Israel mu 1979, anaphedwanso ndi anthu akwawo mu 1981. Mwaona? Wofuna mtendere amaopa chipolopolo cha kutsogolo ndi cha kumbuyo komwe.

Ndiye ngati mukundifunsa kuti mtendere uli pafupi, ine ndinena kuti ayi. Mabala ndi aawisi, ndipo mbali zonse ziwiri kuli atsogoleri amene mpando wawo umalimba nkhondo ikamapitirira. Koma kutaya chiyembekezo si khalidwe la Msilamu. Mu 2002 mayiko a Aluya atakumana ku Beirut anapereka njira: Israel ichoke m'malo amene inalanda mu 1967, dziko la Palestine likhazikitsidwe ndi likulu lake ku East Jerusalem, ndipo iwo adzakhala nayo pa ubale. Kulinso bungwe lotchedwa Parents Circle, la mabanja mazanamazana a mbali zonse ziwiri amene anataya abale awo pa mkanganowu. Amakhala pansi limodzi, amayendera masukulu, akupempha kuti asaphedwenso wina. Ngati mayi amene anaika mwana wake m'manda angathe kuchita zimenezo, ine wongoonera pa foni ndingakanike bwanji kusiya mawu akuti "onse"?

Walira mvula walira matope. Tsiku limene mtendere udzafike, aliyense adzameza chowawa, monga anachitira maswahaba pa Hudaibiya. Ife pakadali pano ntchito tili nayo. Tiime ndi oponderezedwa, tipereke swadaka pomwe tingathe, tiwerenge mbiri tisanalankhule, ndipo tisamatumize pa WhatsApp kanema aliyense tisanatsimikize kuti ndi woona. Tisiyanitse boma la Israel ndi Myuda aliyense, pakuti alipo Ayuda amene amatuluka m'misewu kudzudzula zimene zikuchitika ku Gaza. Tikumbukirenso kuti achinyamata anzathu ena ochokera ku Malawi kuno akugwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo makolo awo sagona akamva za mabomba.

O Allah, tonthozani olira a ku Gaza, tetezani Al-Aqsa, gwirani dzanja la wopondereza aliyense, ndipo yeretsani mitima yathu kuti mkwiyo usatichititse khungu. Amin.

Allah ndiye wodziwa koposa. Wassalamu alaikum.