Nyumba ya Bwana Ili pa Kompyuta, Nanga Komboni Ili Kuti?

Wachinyamata amene waphunzira kujambula pa kompyuta masiku ano samanga chilichonse kuyambira pa maziko. Akatsegula Blender, pulogalamu yaulere yopangira zithunzi za 3D, amatha kutenga nyumba yopangidwa kale m'nkhokwe za pa intaneti monga Sketchfab ndi 3D Warehouse, n'kuiika m'chithunzi chake, n'kuwalitsa dzuwa mbali imene wafuna. Ena amapangira anzawo oimba zikuto za nyimbo, ena mavidiyo afupiafupi, ena timasewero ta pa foni. Mwa nyumba zimene amisiri otere amasakasaka muli za eni minda ikuluikulu ya kumwera kwa America: zoyera mbee, za nsanamira zazitali, khonde lozungulira ndi msewu wa mitengo wolunjika pakhomo. Yotchuka kwambiri ndi Oak Alley ya ku Louisiana, imene inamangidwa pakati pa 1837 ndi 1839. Anaimanga ndi akapolo, ndipo chuma cha mwini wake chinachokera ku nzimbe zolimidwa ndi akapolo.

Kodi n'kulakwa kutenga nyumba yotere n'kukongoletsera nayo chithunzi chako? Ine ndikuti kuijambula si mlandu. Mlandu umayamba pamene waijambula yokha, itaima pa kapinga ngati inachita kumera.

Mwina wina ati, imeneyo ndi nkhani ya anthu akuda a ku America, ife a ku Petauke ndi Nyimba ikutikhudza pati? Ikutikhudza, chifukwa nafenso tinali ndi nyumba za mabwana, ndipo mbiri yake ili pafupi kuposa mmene timaganizira.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dziko la Ansenga linkasautsidwa ndi Achikunda, asilikali amene anachokera m'minda ya Apwitikizi ya m'mbali mwa Zambezi yotchedwa prazo. Atsogoleri awo monga Kanyemba ndi Matakenya ankakhala m'malinga cha ku Zumbo ndi Feira, kumene lero kuli tauni ya Luangwa, ndipo ankakwera chigwa cha Luangwa kufuna minyanga ya njovu ndi anthu. Amenewo atatha mphamvu, kunabwera kampani. Mjeremani wina, Carl Wiese, ananena kuti Mpezeni, mfumu ya Angoni, anamupatsa chilolezo cha dziko, ndipo pepala lakelo linafika m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inakhazikitsidwa mu 1895. Kampaniyi inatenga malo okwana masikweya mailosi 10,000, kuyambira ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, mpaka kufika m'dziko la Ansenga. Angoni atagonjetsedwa mu 1898, azungu anayamba kutsegula mafamu, makamaka a fodya, kuzungulira Fort Jameson. Mu 1928 boma la atsamunda linadula malo osungirako anthu akuda, ena mwa iwo otchedwa Nsenga ndi Petauke, ndipo midzi inasamutsidwa kuti nthaka yotsalayo idikire azungu.

Azungu ambiri amene ankayembekezeredwawo sanabwere. Mtengo wa fodya unagwa cha m'nthawi yomweyo, alimi ena anasiya mafamu, ndipo malo aakulu amene anachotsedwamo anthu anabwerera kukhala tchire, nyama ndi kashembe n'kuchulukamo. Kumene anthu anaunjikidwa nthaka inaguga. Mu 1941 boma linagula gawo lalikulu la malo a kampani ija, anthu n'kuyamba kubwezeredwako. Choncho kwa anthu a Kalindawalo, nyumba ya bwana nthawi zambiri inali nyumba imene siinamangidwe n'komwe, koma inasamutsa mudzi. Nyumba zenizeni za mabwana agogo athu anakazionera kutali. Pofuna ndalama ya msonkho ankayenda pansi, kuoloka Zambezi pa Feira, kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Southern Rhodesia. Ena sanabwerenso, ndi aja timawatchula kuti machona.

Inu amene mukuwerenga muli mu komboni, taganizirani za liwu limeneli. Komboni poyamba anali malo a kuseri kwa famu kapena mgodi kumene antchito ankagona. Ku Lusaka mayina akuchitira umboni mpaka lero: George, John Laing, John Howard, Marrapodi. Amenewa ndi mayina a azungu amene anali ndi malo pamene antchito ndi ofuna ntchito anamangapo tinyumba tawo. Nyumba ya bwana ndi komboni zinabadwa tsiku limodzi, ngati mapasa. Munthu wa mu komboni akajambula nyumba ya bwana n'kusiya komboni, wadzichotsa yekha m'chithunzi.

Pali chifukwa china chimene komboni imasowera, ndipo chili mu luso lenilenilo. Njira imodzi yopezera chifaniziro cha 3D cha nyumba yakale ndi kuizungulira ukujambula zithunzi zambirimbiri, chilichonse chikugwirako mbali ya chinzake. Mapulogalamu monga Meshroom kapena Polycam amafufuza timadontho tofanana m'zithunzizo, n'kuwerengera kutalika ndi kuya kwa chipupa chilichonse, mpaka nyumba iime pa sikirini. Foni wamba imatha kugwira ntchito imeneyi. Koma kamera imajambula chokhacho chimene chilipo. Nyumba ya bwana inali ya njerwa zootcha ndi malata, ndiye ikadalipo, ngakhale denga litagwa. Mabalani a fodya nawo ena akadaima. Nyumba ya wantchito inali ya mitengo, dothi ndi udzu, ndipo chiswe ndi mvula zinamaliza ntchito yake m'zaka zowerengeka. Amene anali ndi ndalama za njerwa ndiye anasankha, mosadziwa, zimene kompyuta idzaone patapita zaka 100. Nkhokwe za pa intaneti zimangolandira tsankho limeneli n'kulichulukitsa, chifukwa chifaniziro chimodzi chimakopedwa ndi anthu ambirimbiri.

Mnzanga wokonda luso akhoza kunditsutsa motere: wojambula si mphunzitsi wa mbiri. Ngati ndakonda nsanamira ndi mthunzi wa khonde, bwanji ndisazigwiritse ntchito popanda kusenza misozi ya anthu amene sindinawaone? Njerwa ilibe tchimo. Mawu amenewa ali ndi nzeru, ndipo sindikufuna dziko limene wachinyamata azipempha chilolezo asanajambule. Ndikuwonjezeranso mfundo ina yomuthandiza: kukongola kwa nyumbazi si kwa bwana yekha. Anaponda dothi, kuumba njerwa, kutentha uvuni ndi kucheka matabwa ndi anthu athu. Amene amanena kuti nyumba zoterezi zingogumulidwa kapena kuiwalidwa akutaya ntchito ya manja a agogo ake.

Komabe chithunzi chimalankhula, ngakhale mwini wake atatseka pakamwa. Nyumba za mabwana zinamangidwa kuti zinene mawu. Zinkaikidwa pamalo okwera, khomo lalikulu kutsogolo la alendo oyera, khomo laling'ono kuseri la wophika ndi wochapa, komboni patali kuti utsi ndi kulira kwa ana zisafike pakhonde. Wojambula akaimika kamera yake kutsogolo, dzuwa likulowa, kapinga ali mbuu, waima pamene mlendo wa bwana ankaima, ndipo akubwereza zimene nyumbayo inamangidwira kunena: kuti pano panali mtendere ndi ulemu. Kwa amene ankalowera khomo lakuseri panali tikiti ya masiku a ntchito, phoso loyezedwa ndi kapitawo wa chikoti. Kusankha poimika kamera ndi kusankha mbali, ndipo palibe wojambula amene angathawe kusankha kumeneku.

Ku America komweko nkhaniyi inavuta. Kwa zaka zambiri nyumba zoterezi zakhala malo ochitirako maukwati, alendo n'kumauzidwa za mipando ndi makatani. Mu 2014 munda wa Whitney ku Louisiana unatsegulidwa ngati malo osungirako mbiri ya akapolo, ndipo ulendo wa mlendo umatsamira pa tinyumba tawo ndi mayina awo. Mu December 2019, bungwe la Color of Change litadandaula, Pinterest ndi The Knot analengeza kuti achepetsa kutsatsa maukwati a m'minda yotere. Nyumba sizinagwetsedwe. Chimene chinasintha ndi pamene woonera amaima.

Kujambula komboni sikutanthauza kusandutsa mzungu aliyense chilombo. Mbiri yathu ndi yolukanalukana kuposa pamenepo. Shiwa Ng'andu, nyumba yaikulu ya m'chigawo cha Muchinga, inamangidwa ndi Stewart Gore-Browne m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, njerwa zake zikuumbidwa pomwepo ndi Abemba. Munthuyu ankatchedwa Chipembere ndipo ankadziwika ndi ukali kwa antchito ake. Yemweyonso anadzaima kumbali ya ufulu wa anthu akuda, anakhala bwenzi la Kenneth Kaunda, ndipo atamwalira mu 1967 anaikidwa mwa ulemu wa boma. Chifaniziro cha nyumba yake chokhala ndi nsanja ndi maluwa okha chikubisa oumba njerwa. Chokhala ndi chikoti chokha chikubisa za 1967. Luso labwino limatha kunyamula zonse ziwiri, ndipo chithunzi chotero n'chimene munthu amabwerera kudzachionanso.

Nanga chinthu chimene chiswe chinadya tingachijambule bwanji? Apa wachinyamata wa kwathu ali ndi mwayi umene wojambula wa ku London alibe. Blender siidalira kamera yokha, munthu amatha kuumba chinthu ndi dzanja kuchokera pa zimene wauzidwa. Ku Petauke, ku Nyimba, ku Sinda ndi m'makomboni a Chipata ndi Lusaka mukadali agogo amene anabadwira m'mafamu, kapena amene makolo awo anagwirako ntchito. Afunseni mwaulemu: Agogo, nyumba yanu inali ya zipinda zingati? Munkaphikira pati? Madzi munkatunga kuti? Kuchokera pakhomo panu, nyumba ya bwana inkaoneka mbali iti? Mayankho awo ndi miyezo, monga mmene zithunzi zilili miyezo. Kamangidwe ka mitengo ndi dothi, ka nkhokwe ndi ka khola la nkhunda kakadalipo m'midzi, ndipo foni ikhoza kukajambula lero. Ndi zimenezi mungaimike komboni yonse pa sikirini, kapena mudzi umene unasamutsidwa m'nthawi ya kampani ija, pafupi ndi tchire limene unasamutsidwira.

Ntchito yotere ili ndi mwambo wake. Musalembe kuti chimene mwaumba kuchokera m'makumbukiro ndi chojambulidwa ndi kamera. Nenani poyera mbali imene munayeza ndi mbali imene munauzidwa. Agogo amene akufotokozerani ayamikeni, ndipo ngati sakufuna dzina lawo lituluke, lisungeni. Bwinja likakhala pa malo a mwini, pemphani kaye. Likakhala m'dziko la mfumu, dzerani kwa anyakwawa. Zinthu zakale zotetezedwa zili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission, ndiye musagumule njerwa kapena kukumba pofuna chithunzi chabwino. Manda ndi malo a nsembe, monga okhudza mwambo wa Tuwimba wa Ansenga a Kalindawalo, si zinthu zoti munthu angozitaya pa intaneti kuti aliyense aikemo zilombo za m'masewero ake. Pali zinthu zimene eni ake ayenera kunena okha ngati zingajambulidwe.

Akatswiri ayamba kale kusunga Afrika mwa njira imeneyi. Gulu la Zamani Project la pa University of Cape Town lapanga zifaniziro za 3D za Great Zimbabwe, Kilwa ndi matchalitchi a Lalibela. Koma iwo amapita ku malo otchuka, a miyala yolimba. Kubwalo kwa famu yakale ya fodya, kapena pamene panali mudzi wa agogo anu, sadzafikako msanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo amene ali pafupi ndi malo amenewa ndi inu.

Choncho mukafuna nyumba ya nsanamira zoyera m'chithunzi chanu, itengeni. Iwalitseni bwino, chifukwa amene anaimanga anali amisiri ndipo ntchito yawo ndi yofunika kuoneka. Koma musanamalize, tembenuzani kamera muone kuseri. Ngati kulibe kanthu koma kapinga, yambani kuumba kanjira kochokera pa khomo lakuseri, ndipo mukatsatire mpaka kakafike pamene anthu ankagona.