Kudamu mbandakucha

Kuno ndi kwa Zingalume ku Chadiza. Kukadali kachisisira. Kudamu nkhungu yagona pamadzi, mapazi a ng'ombe za dzulo akuonekabe m'matope.

Chipupa cha damuli ndi dothi chabe lotsindiridwa bwino, komatu ndilo limatisungira mvula ya Febuluwale mpaka Okutobala. Chilala cha 2024, chija Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko, chinaphwetsa madamu ambiri, pansi pake n'kuoneka matope ong'aluka. Matope amenewo ndi nthaka ya m'minda yathu yomwe timalima mpaka m'gombe.

Chiswe nacho chimaboola chipupa mwakachetechete. Kamtengo kakamerapo, kazuleni msanga, mizu isanatsegulire madzi njira.

Uko mayi wina watula ndowa, akudikira kuti madzi adeke.