Kapepala ka m'botolo

Ndinapita ku Lukusuzi kumapeto kwa Novembala, mvula yoyamba itagwa, nditatsagana ndi anthu anayi ofufuza za tizilombo ndi zomera. Mumtima ndinkati ndikaona njovu, poti nkhalangoyi ili moyang'anizana ndi ya Kasungu kutsidya kwa malire, ndipo njovu sizifunsa za chiphaso. Nditafika anandipatsa pensulo.

Ntchito yanga inali yolemba timapepala. Kachilombo kalikonse kogwidwa kankalowa m'kabotolo ka spiriti limodzi ndi kapepala konena tsiku, malo, ndi mtengo umene kapezekapo. Bolopeni anandiletsa chifukwa inki imasungunuka m'spiriti. Mayi amene ankatsogolera gulu anandiuza tsiku loyamba lomwelo kuti, "Bambo, kachilombo kopanda kapepala tangokapha chabe."

Lukusuzi si nkhalango yowirira ngati za ku Congo zimene timaonera pa kanema. Ndi miombo. Mitengo imaima motalikirana, dzuwa limafika pansi, ndipo apo ndi apo pali matanthwe. Boma la Zambia linaisandutsa paki mu 1972, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 2,700. Komabe ife tsiku lathunthu tinkayenda kamtunda koti mwana wotumidwa mchere angapite ndi kubwerako ndiwo zisanapse. Tinkagwada, kuvundukula masamba, kufukula timakapu tomwe tinakwirira dzulo lake, ndi kupanikiza nthambi za maluwa pakati pa nyuzipepala ndi matabwa. Akashembe ankandisankha ine ndekha, mpaka mlonda wa nkhalango anandiseka: "Achimwene, malaya abuluuwo ndiwo akuwaitana."

Tsiku lachitatu mlonda yemweyo anaima, n'kukweza dzanja. Ndinaganiza kuti ndi njovu. Tinamva ngati kamvula kowaza pa masamba ouma, chonsecho kumwamba kunali mbee. Pansi panali timibulu takuda tambirimbiri. Titakweza maso tinaona mbozi zonenepa zitadzaza nthambi, zikudya masamba, zitosi zake zikugwa ngati mvula.

"Matondo," anatero mlonda.

Mayi aja anayang'ana tsamba ndi khungwa, n'kundiuza ndilembe Julbernardia paniculata, akunditchulira chilembo chimodzichimodzi. Ndili mkati molemba ndinafunsa dzina lake m'chinenero chathu. Mlonda anandiyang'ana modabwa. "Si mtondo uwu?"

Pensulo inaima. Matondo ndawadya kuyambira ndili mwana, okazinga ndi mchere, koma sindinamvepo mtengo umene uli m'dzina lawo. Amene anatcha dzinali anagwira ntchito yomwe ndinapatsidwayi. Anaika kachilombo ndi mtengo wake m'mawu amodzi, kuti womva adziwe kokafuna. Ndinakumbuka agogo anga aakazi, amene sankapita kokazula ndelema mwachisawawa, koma ankalondola mitengo. Ofufuzawa anandifotokozera kuti bowa ameneyu amalumikizana ndi mizu ya miombo pansi pa nthaka, bowa akupatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'dothi, mtengo ukupatsa bowa shuga. Ndiye chifukwa chake palibe amene anamulimapo m'dimba.

Madzulo tinapachika nsalu yoyera ndi kuyatsa nyali kumbuyo kwake. Kunabwera njenjete, zikumbu, ngumbi, ndi tina tambiri tomwe ngakhale mlonda sanatidziwe dzina. Anzanga ankatola mokondwa, koma ine maganizo anali kwathu, kumene miombo inathera m'zigafa za fodya ndi m'matumba a makala. Mwana wanga amawadziwa matondo. Amawaona pamsika, ouma, m'kambale ka wogulitsa. Mtondo sanauonepo. Kwa iye dzinali lili ngati kapepala kotsala m'botolo lopanda kanthu.

Pa kapepala ka tsiku lija, pansi pa mawu a Chilatini, ndinawonjezera "mtondo" ndi zilembo zing'onozing'ono. Mayi aja anawerenga, sananene kanthu, n'kutseka botolo.