Malire a Nzeru za Makina

LACHITATU

Werengani Genesis 2:7, Danieli 2:10, 11, 27, 28, Masalmo 146:4.

M'chaka cha 1997 kompyuta yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene panthawiyo anali katswiri woposa onse pa masewera a chess. Kuyambira 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, anthu ambiri akhala akucheza ndi makina oyankha ngati munthu wophunzira. Kodi pali funso limene makina sangathe kuliyankha? Nanga kodi amaganizadi?

Funso loyambalo linayankhidwa kale m'chaka cha 1936 ndi Alan Turing, katswiri wa masamu wa ku England, makompyuta amakonowa asanapangidwe. Mfundo yake tingaifotokoze motere. Kompyuta imatsata malangizo otchedwa pulogalamu. Pulogalamu ina imagwira ntchito nkumaliza, ina imangozungulira osafika kumapeto. Tiyerekeze kuti pali pulogalamu yoweruza, imene mukaionetsa pulogalamu iliyonse imanena molondola ngati idzamaliza kapena ayi. Tsono wina alembe pulogalamu yamakani, yofunsa woweruzayo za iyo yomwe, kenaka nkuchita zosemphana ndi yankholo: woweruza akati idzamaliza, iyo izungulire kosalekeza, akati sidzamaliza, iyo iime pomwepo. Kulikonse kumene woweruza angayankhire, walakwa. Choncho woweruza wotere sangakhaleko, ngakhale makinawo atakula kapena kufulumira chotani.

Koma tisathamangire kudzitama, pakuti Turing sanaonetse kuti munthu angathe zimene zakanika makinazo. Anzeru a ku Babulo anali akatswiri owerengera nyenyezi, komabe anavomera pamaso pa Nebukadinezara kuti loto lake silikanadziwika ndi munthu aliyense, ndipo Danieli anavomerezana nawo. Cholengedwa chili ndi malire, ndipo chopangidwa ndi cholengedwacho chili nawonso.

Funso lachiwiri ndilo lovuta. M'chaka cha 1950 Turing anati tiyese makina powafunsa mafunso: kodi wofunsayo angathe kuwasiyanitsa ndi munthu? John Searle anatsutsa zimenezi mu 1980 ndi fanizo la munthu wotsekeredwa m'chipinda, wosadziwa Chitchaina, amene amalandira mafunso a Chitchaina nawayankha bwino potsata buku la malamulo. Ali panja akuyesa kuti wamva, koma iye sanamve kanthu.

Akhristu ena amadula nkhaniyi msanga ponena kuti munthu ali ndi mzimu wosafa pamene makina alibe. Ife sitingadzere njira imeneyo. Timakhulupirira kuti munthu ndiye dothi limene linalandira mpweya wa moyo, ndi kuti akafa maganizo ake amatha tsiku lomwelo. Kusiyana kwathu ndi makina tikufunefune kwina: moyo wathu unachokera kwa Mulungu, ndipo Iye amatiitana kuti tiyankhe pa zochita zathu, monga anaitanira Adamu m'munda muja (Genesis 3:9). Makina angalembe pemphero lokoma la kulapa, koma ine sindiona tchimo limene iwo akulapa, kapena mlandu umene angaimbidwe.

Mbale wina akufuna kusudzula mkazi wake. Wafunsa makina, ndipo amupatsa yankho lomveka bwino, lokhala ndi mavesi omwe. Kodi inu, monga a m'kalasi lake la Sukulu ya Sabata, mungamuuze chiyani? Yerekezani ndi Machitidwe 17:11 ndi Aroma 14:12.