Kodi Mwana Wacete Ndiye Mwana Wabwino?

Amai anzanga okondedwa, tikakumana ku citsime, ku cigayo kapena potuluka m'mapemphero, nkhani zathu sizicedwa kufika pa ana. Pa nkhani zimenezi pali ciyamikiro cimodzi cimene mai aliyense amakondwa kucimva: "Mwana wanu uja ngwofatsa, samveka n'komwe pa nyumba." Mwana wotere timamunyadira. Tikamutuma amathamanga, tikamudzudzula amawerama, tikamufunsa za moyo amati, "Ndili bwino, amai." Lero ndifuna tiganizire pamodzi funso limene landisautsa kwa zaka zingapo. Kodi kukhala cete kwa mwana ndi ulemu nthawi zonse? Nanga mwana akamavutika mumtima osanena, mlandu uli pa yani?

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga, kuti wina asayese kuti ndikuloza anzanga cala. Ndinalera mwana wa mng'ono wanga, mtsikana, amai ake atamwalira iye ali ndi zaka 9. Pamene sukulu zinatsekedwa mu March 2020 cifukwa ca matenda a COVID-19, anali ndi zaka 15. Miyezi imeneyo anakhala mwana wabwino koposa kale. Anali kudzuka tambala woyamba, kusesa, kutunga madzi ndi kuphika osadikira kutumidwa. Atasiya kupita kwa anzake, ndinati wakula. Atayamba kusiya nsima m'mbale, ndinati ndi za atsikana a masiku ano ofuna kucepa thupi. Usiku ndikamumva akutembenuka-tembenuka pa mphasa, ndinati ndi udzudzu. Cizindikiro ciliconse ndinacipezera dzina losaopsa.

Amene anaona zoona ndi apongozi anga, nkhalamba imene maso ake anayamba kale kucita khungu. Madzulo ena anandiitanira kuseri kwa nkhokwe nati, "Mwananga, mwana uyu nchito akugwira, koma mau ake anafa. Kodi mwamufunsapo?" Ndinayankha kuti ndimamufunsa tsiku ndi tsiku. Iwo anati, "Mumamufunsa muli ciimire, mthiko uli m'manja." Anamutenga kuti aziswa naye nsawa pa khonde. Tsiku loyamba sananene kanthu, laciwiri cimodzimodzi. Tsiku lacitatu analira, nauza agogo kuti usiku wina anandimva ndikudandaula kwa amuna anga kuti ufa sukufika kumapeto kwa mwezi cifukwa akudya aculuka. Kucokera pomwepo anadziona ngati katundu. Anayamba kucepetsa kudya ndi kuonjezera nchito kuti alipire malo ake, ndipo kawiri-kawiri anali kuganiza kuti iye atafa nyumba ingapepukidwe. Mwana amene ndinali kumuyamikira pa anthu anali kuganiza za imfa pansi pa denga langa.

Mwana wa m'mbereko

Pali mwambi umene timakonda kuuchula, wakuti mwana wosalira amafera m'mbereko. Timauchula pofuna kulimbikitsa munthu kuti anene vuto lake, ndipo ndi woona. Koma tiyeni tiuyang'anenso ngati azimai amene tinaberekapo ana kumsana. Ndani wa ife amapitiriza ulendo wautali mwana ali zii kumbuyo, osaima? Akatalikitsa kukhala cete mtima umagunda. Timamugwedeza, timamasula citenje, timamubweretsa kutsogolo, timamukhudza pa mphumi kuti tione ngati watentha. Sitinena kuti poti sakulira ali bwino, pakuti timadziwa kuti khanda lodwala kwambiri limasowa ndi mphamvu yolirira yomwe. Nzeru imeneyi tonse tili nayo. Koma mwana akatsika kumsana nayamba kuyenda yekha timaiiwala. Kukhala cete kumene kunali kutiopsa ali khanda timayamba kukucha ulemu ali ndi zaka 14.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati mwa ana a zaka 10 mpaka 19, mmodzi mwa 7 alionse ali ndi matenda a maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda otere limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Limatinso kudzipha ndi cimodzi mwa zinthu zikulu-zikulu zimene zimapha acinyamata a zaka 15 mpaka 29. Ndiye kuti m'kalasi ya ana 70 mungakhale ana 10 otere. Tikamva za matenda a maganizo timaganiza za munthu wamisala wotola zinyalala pa msika, koma ambiri mwa ana amenewa amavala yunifomu yocapa bwino. Cimene cimawadya ndi nkhawa yosatha ndi cisoni cosacoka.

Mwana wamng'ono amaonetsa vuto lake ndi thupi. Amayambanso kukodzera pogona pamene anasiya kale, amadandaula za m'mimba kapena mutu koma ku kiliniki osapeza malungo, amakakamira amai ake osafuna kusiyidwa. Wamkulu amasiya zimene anali kukonda, tulo ndi kadyedwe zimasintha, ndipo zotsatira za ku sukulu zimatsika. Anyamata ambiri cisoni cao cimatulukira mu ukali, m'ndeu, mu kacasu ndi camba, ndipo ife timaona mwano wokha. Zotere zikapitirira masabata awiri, si nkhani yonyalanyaza ai.

Zimene timayankha

Ndikudziwa zimene ena akunena cam'mtima, cifukwa inenso ndinali kuzinena. Coyamba timati, "Ife tinakula movutika osadandaula." N'zoona. Ambiri a ife tinaika makolo, abale ndi alongo m'zaka za m'ma 1990 pamene Edzi inasesa midzi ndi makomboni, ndipo palibe amene anatifunsa za mumtima. Tinapirira. Koma tikamawerenga amene anapirira, tiwerengenso amene sanathe: amene anamira m'mowa, amene anathawira m'maukwati a nkhanza ali ana, amene tinawaika mwakacetecete osachula cimene cinawapha. Iwo sali pano kuti atitsutse. Ndipo ngati tikukumbukira mmene kunawawira kusenza tokha, cifukwa ciani tifune kuti ana athu asenze momwemo?

Caciwiri timati kumvetsera mwana kumamuononga, ndipo ulemu utha. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ulemu ndi mantha zimavala nsalu imodzi, koma si cinthu cimodzi. Mwana waulemu amadziwa nthawi yolankhula ndi mau oyenera, amagwada, amadikira akulu atsirize, koma amalankhula. Mwana wamantha amagwadanso cimodzimodzi, koma anaphunzira kuti cimene cili mumtima mwake cilibe malo pa nyumba. Kunja amafanana. Kusiyana kwao kumaoneka tsiku la tsoka. Mtsikana akagwiriridwa ndi wacibale kapena mwamuna wina wolemekezeka, waulemu amathamangira kwa amai ake, wamantha amabisa mpaka mimba ioneke. Anthu oipa amadziwa bwino kusankha mwana amene anaphunzitsidwa kusayankha akulu.

Tiganizenso izi. Ndife tinaphunzitsa ana kuti mwana sayamba nkhani ndi wamkulu, sayang'ana wamkulu m'maso, sadandaula pa mbale imene akudyera. Mwambo umenewu uli ndi ubwino wake ndipo sindikunena kuti tiutaye. Koma pamene tinatseka khomo la mwana loyambira nkhani, tinatenga ngongole yakuti tiziiyamba ndife. Amene ali ndi mphamvu yotsegula ndiye ali ndi udindo wotsegula. Makolo athu ngongole imeneyi anali kuibweza. Atsikana anali kugona kwa agogo, kumene kunali kololedwa kuseka ndi kufunsa zimene sakanafunsa amai ao. Kunali azakhali, amalume ndi nthano za pamoto. Lero agogo ali ku mudzi, ana ali ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo madzulo aliyense ali pa foni yake. Lamulo la kukhala cete tinalisunga, koma malo olankhulira tinawataya. Ngakhale pa cilangizo, alangizi timalankhula maola, mtsikana ali cowerama, ndipo timabalalika osamufunsa ngati ali ndi cimene cikumusautsa.

Cacitatu timati mwana wa m'banja lopemphera sangadwale maganizo, ndipo akadwala ndi ziwanda kapena kucepa kwa cikhulupiriro. Tikumbukire nkhani ya mneneri Eliya pa 1 Mafumu 19. Munthu wa Mulungu ameneyu anatopa mpaka kupempha imfa. Cithandizo coyamba cimene analandira cinali cakudya, madzi ndi tulo, ndipo pambuyo pake anafunsidwa funso napatsidwa mpata wokhuthula za mumtima mwake. Mwana akadwala malungo timapemphera tili pa njira ya ku cipatala, ndipo palibe amene amati tacimwa. Matenda a maganizo ayenera kuyendera njira yomweyo. Kuuza mwana wodwala kuti sakupemphera mokwanira ndi kumusenzetsa mlandu pamwamba pa matenda.

Cacinai ndi manyazi. Dzina la Chainama, cipatala ca ku Lusaka cothandiza odwala maganizo, tinalisandutsa citonzo, ndipo ana amatimva tikamalichula moseka. Mwana amene wamva amai ake akuseka "wa ku Chainama" sadzaulula kuti maganizo ake akumuzunguza. Dziko lathu mu 2019 linakhazikitsa lamulo latsopano la za umoyo wa maganizo m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo limati wodwala wotere ali ndi ufulu ndi ulemu monga wodwala wina aliyense. Lamulo linasintha, kwatsala lilime lathu.

Agogo a pa benchi

Wina angati, "Ine sindinaphunzire, ndingathandize bwanji?" Timve zimene zinacitika ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku Harare, a Dixon Chibanda, ataona kuti madokotala onga iwo ndi ocepa kwambiri, ca m'ma 2006 anayamba nchito yochedwa Friendship Bench ku Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera munthu mosaweruza, kumuthandiza kuchula mavuto ake limodzi-limodzi, ndi kusankha limodzi loyamba kulimbana nalo. Agogowo amakhala pa benchi la matabwa kunja kwa kiliniki. Matendawo amawachula ndi mau a Cishona akuti kufungisisa, ndiko kuti kuganiza kwambiri, mau amene ifenso timawadziwa. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 pa anthu akulu-akulu anaonetsa kuti patapita miyezi 6, amene anaceza ndi agogowo anapeza bwino kuposa amene analandira cithandizo ca masiku onse. Cida ca agogo amenewa cinali khutu ndi nthawi, zimene apongozi anga anagwiritsa nchito pa khonde ndi lichero la nsawa.

Tingayambe motere. Tisafunse mwana tili ciimire kapena pamaso pa anzake. Tikhale naye pa nchito ya manja, posankha nyemba kapena pa njira ya ku munda, pakuti mwana amamasuka pamene sakuyang'anidwa m'maso. Tinene cimene taona: "Ndaona masiku ano sukudya, ndipo sukupita kwa anzako. N'ciani cikukusautsa?" Akakana tsiku loyamba tisakwiye, tibwererenso. Akayamba kulankhula tigwire lilime, tisadule mau ndi uphungu kapena ndi nkhani za mmene ife tinavutikira. Zimene watiuza tisazitengere ku citsime, ngakhale kuzipereka ku gulu monga copempherera iye asanavomere.

Ngati mwana achula za imfa, kapena ayamba kugawa zinthu zake ngati wotsazika, timufunse mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo mwa iye, koma kumamupatsa mpumulo woti wina wadziwa. Akavomera tisamusiye yekha, ticotse pafupi mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba, a makoswe ndi mapiritsi, tiwatsekere pokiya, ndipo tipite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Pali nambala yaulere ya 116, ya Childline, imene mwana kapena wamkulu angaimbe kuti alandire uphungu. Tisamale makamaka nthawi ya zotsatira za mayeso, nthawi ya maliro ndi pamene mimba yadziwika. Mtsikana wotenga mimba auzidwe msanga kuti kucokera mu 1997 boma limalola kuti abwerere ku sukulu akabereka, kuti asaone ngati moyo wathera pomwepo.

Mwana wanga uja ndinapita naye ku cipatala ca m'boma lathu, kumene anaonana ndi mlangizi kangapo. Koma cinthu covuta koposa cinali ca ine mwini: kukhala pansi pa mphasa, ine mai wamkulu, ndi kumuuza kuti mau anga aja anali oipa, ndipo kuti pa nyumba pano iye si mlendo wolipira malo. Ulemu wake kwa ine sunacepe. Lero amanditsutsa nthawi zina, mwaulemu, ndipo ndikamva mau ake mtima wanga umakhala pansi.

Amai anzanga, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Madzulo ano aliyense wa ife aganizire ana a pa nyumba pake, obereka yekha ndi olera, ndi a pa nyumba yoyandikana nayo. Pakati pao pali mmodzi amene timamuyamikira kuti samveka n'komwe. Tiyeni timasule citenje, timubweretse kutsogolo, timuone nkhope.