Tikamaseka Eve, tikuseka yani?

M'matauni a Benoni, Boksburg ndi Kempton Park ku Ekurhuleni muli amayi ambiri ogwira ntchito za m'nyumba, ena mwa iwo ochokera ku Malawi. Amalawirira m'mamawa kuchokera ku Tembisa kapena ku Daveyton kukachapa, kukasita ndi kukalera ana a eni. Moyo umenewu ndi umene katuni ya Madam & Eve yakhala ikuseketsa nawo anthu kuyambira 1992, pomwe Stephen Francis, Harry Dugmore ndi Rico Schacherl anaiyambitsa m'nyuzipepala ya Weekly Mail. Adona ndi mzungu, Gwen Anderson. Wantchito ndi Eve Sisulu, mayi wochenjera yemwe amagona pathebulo lositira zovala, ndipo satopa kupempha kuti amuwonjezere malipiro.

Kodi nkoyenera kupanga nthabwala pa umphawi wa munthu amene akadali m'mavutowo?

Woikira kumbuyo katuniyi ali ndi mfundo yomveka. Kwathu asuweni amanyozana poyera popanda wokwiya, ndipo pamaliro adzukulu amaseketsa anamfedwa. Nthabwala zimanena zomwe pakamwa paulemu sipangatchule. Mu 1992 tsankho linali lisanatheretu mwalamulo, koma apa panali wantchito wachikuda akugonjetsa abwana ake ndi nzeru sabata ndi sabata, azungu nkumawerenga, kumadziona okha. Zimenezo sizinali zazing'ono.

Komabe chisuweni chimakoma chifukwa onse awiri ali ndi ufulu wobwezera. M'khitchini yeniyeni ufuluwo mulibe. Eve akayankha mwachipongwe, mawa lake amapezeka ali pantchito pomwepo, pakuti wojambula amamufuna. Mayi wa ku Mzimba yemwe mapepala ake sali bwino akayankha choncho, amagona panja. Kuopsa kwa nthabwala yotere ndi kwakuti adona angaseke, mtima nkukhala m'malo, nkumaganiza kuti poti aseka ndiye kuti mlandu watha. Chonsecho zinthu zinasintha mochedwa kwambiri. Mpaka mu Novembala 2020 ndi pomwe khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso azilandira chipukuta misozi akavulala pantchito, pamlandu wa Maria Mahlangu amene anamira m'dziwe losambira la abwana ake mu 2012. Ndipo malipiro awo otsikitsitsa ovomerezeka anadzafanana ndi a antchito ena mu Malichi 2022, patatha zaka 30 Eve akupempha.

Ena amati wojambula azingolasa akuluakulu, poti mutu ukakula sulewa nkhonya. Koma ngakhale muvi wolunjika kwa wamkulu umatha kupyoza wina panjira. Mu 2008 Zapiro anajambula Jacob Zuma akukonzekera kugwirira mkazi woimira chilungamo. Zuma anakasuma, kenako anausiya mlanduwo mu 2012. Ufulu wolankhula unapambana, koma panali amayi amene anadandaula kuti ululu wa ogwiriridwa wasandutsidwa chida chomenyera ndale. Kudandaula kumeneko khoti silikanakuthetsa, chifukwa lamulo limangonena zomwe wojambula waloledwa kuchita, osati zomwe ayenera kuchita.

Ine ndikuona kuti muyeso wa katuni si ukulu wa munthu wojambulidwa, koma chimene chimatsala mwa wowerenga akamaliza kuseka. Ngati watsala ndi kamanyazi komufunsa za khalidwe lake, wojambula wagwira ntchito. Ngati watsala akudzimva woyera, nthabwalayo yangomupaka mafuta. Madam & Eve imapambana muyesowu nthawi zambiri, pakuti chitsiru cha nkhani chimakhala adona, osati Eve. Koma wojambula sangamalize yekha. Gawo lotsala ndi la wowerenga amene wapinda nyuzipepala, wina ali kuseri akumutsukira kapu yomwe wamweramo tiyi, ndipo mwezi ukutha mawa.